Ngongole ya Msuweni Wanga

Makina anga osokera anakhala pa shelefu m'nyumba ya tiyi ku Katete chilimwe chonse, atawafunditsa thumba la shuga, chifukwa cha ngongole imene sindinatenge ine. Zinali m'zaka za Chitaganya, ndili mnyamata wongoyamba kumera ndevu.

Kwathu ndi kufupi ndi Sinda. Sukulu ndinalekezera pa ya m'mudzi momwemo, ndipo chimene aphunzitsi ankandiyamikira nacho kwambiri chinali chakuti sindinkatsutsa munthu. Wamkulu akalankhula ndinkayang'ana pansi n'kuvomera. Amayi ataona kuti pakamwa panga mpolemera chotero, anagulitsa nkhumba zawo ndi mtedza wa chaka chonse, nandigulira makina opukusa ndi dzanja kwa bambo wina amene anabwera nawo kuchokera ku Halale. Pondipatsa anati, "Ntchito iyi siifuna kulankhula. Ikuyenera."

Ku Katete mmwenye wina anandilola kukhala pakhonde la sitolo yake pamodzi ndi matelala akuluakulu. Iwo anali ndi makina opalasa ndi mapazi ndipo ankasoka masuti ndi madiresi a ukwati. Ine ndinkapinda nsalu m'mphepete, kusoka timadiresi ta ana ndi kuika zigamba. Chipinda ndinachipeza kuseri kwa nyumba ya tiyi. Eni ake anali bambo wachiyao wochokera ku Nyasalande, wovala kachipewa koyera, wolankhula motsitsa. Miyezi yoyambayo lendi ndinkalipira ndekha mwezi usanathe n'komwe.

Mvula itayandikira kunabwera msuweni wanga, mwana wa amalume. Anali wamkulu kwa ine, wamtali, wa mawu omveka patali, ndipo anali atapeza ntchito yokweza matumba pa lole. Kwathu msuweni ndi munthu amene sungamukwiyire. Akhoza kukutukwana pagulu, kukuvula chipewa, kugwira nkhuku yako n'kukaphika kwawo, iwe n'kumangoseka. Ukakwiya, anthu amaseka iweyo. Iyeyu kuyambira tili ana ankanditchula kuti mkazake, ati chifukwa ndikanabadwa wamkazi akanandikwatira.

Anakankha chitseko osagogoda, naponya mtolo wake pamphasa panga.

"Mkazanga, ndamva kuti wamanga banja wekhawekha. Tasendera uko."

Ndinasendera. Madzulo ake eni nyumba anandiitana pambali.

"Mlendoyu ndi wanu?"

"Inde, ndi wanga. Ndife amodzi."

Ndinayankha choncho pofuna kuti asaone ngati ndikudandaula. Sindinadziwe kuti mawu amenewo awasunga.

Tinapangana kuti ine ndizigula ufa, ndiwo ndi palafini, iye azilipira lendi. Mwezi ukatha ankalowa m'nyumba ya tiyi, n'kukhala nthawi ndithu ndi eni nyumba, n'kutuluka akupukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja. Ine ndinkati akukalipira. Chonsecho ankamwa tiyi wa mkaka ndi mabanzi pangongole, akuwalonjeza kuti msika wa mtedza ukatsegulidwa alipira zonse pakamodzi. Sindinamufunsepo. Ndinkaopa kuti angaganize kuti ndikumukayikira.

Anthu atayamba kukolola, anadzuka m'mawa wina nati lole ikupita ku Chadiza, abwera mkuja. Anatenga mtolo wake ndi bulangete langa. Sanabwere. Amene anabwera ndi kapaso wa ku bwalo la milandu, kudzandiuza tsiku la mlandu wa lendi.

Ku bwalo akuluakulu oweruza anakhala pa benchi pansi pa chisakasa, anthu ambiri atakhala pansi kudikira milandu yawo. Eni nyumba anafotokoza mopanda ukali. Anati lendi sinalipidwe dzinja lonse, ndipo pamodzi ndi tiyi ndalamazo zinapitirira mapaundi atatu. Ine chuma chotero ndinali ndisanachigwirepo.

"Chipindacho anapempha ndani?" anandifunsa mmodzi wa akuluwo.

"Ndine."

"Nanga mnzakoyo anamulowetsamo ndani?"

"Anabwera yekha."

"Unamuthamangitsa?"

"Iyayi."

"Eni nyumbawa akuti unawauza kuti ndinu amodzi. Akunama?"

"Sakunama. Koma tinapangana kuti lendi azilipira iyeyo."

"Kodi ndi ndani wako munthu ameneyu?"

"Msuweni wanga."

Bwalo lonse linaseka, ndi amayi odikira milandu omwe. Mkulu wa kumapeto kwa benchi anachita kupukuta misozi.

"Ndiye ukutiuza kuti msuweni wako wakudyera? Nanga umafuna akadyere yani? Mwanawe, pachisuweni palibe mlandu. Ife tikudziwa iwe, amene unapempha chipinda."

Anagamula kuti ndituluke m'chipindamo tsiku lomwelo, ngongole yonse ikhale pa ine, ndipo makina anga akhale chikole kwa eni nyumba. Mvula yoyamba ikagwa ndisanalipire, eni nyumba anali ndi ufulu wowagulitsa. Ndinawomba m'manja kuthokoza, monga ndinaphunzitsidwira. Kenako ndinayenda pambuyo pa kapaso, iye atasenza makina anga pamutu, kudutsa pamaso pa matelala onse a pakhonde.

Ndinapita kumudzi kukauza amalume, poti ndiwo anali mwini mbumba, oyenera kundiimira pa mlandu uliwonse. Anamvetsera akusema mpini. Nditatsiriza anaseka mpaka kutsokomola.

"Wakuchenjerera mnzako. Za pachisuweni ine sindilowerera, mphwanga. Ndikalowerera anthu andiseka."

Amayi anali pambali akusenda mtedza. Sanadzutse mutu. Amalume atachoka anangofunsa kuti, "Kodi makinawo anawaphimba? Ku Katete kuli fumbi."

Funso limenelo linandipweteka kuposa chigamulo.

Nditabwerera ku Katete ndinkagona pakhonde la sitolo limodzi ndi mlonda. Masana ndinkasokerera mabatani ndi kupinda mathalauza ndi singano ya pamanja, kuthandiza telala wina wachikulire, amene ankandipatsa yongokwanira chakudya. Kangapo patsiku ndinkadutsa pakhomo pa nyumba ya tiyi ngati ndili ndi kopita, n'cholinga chongosuzumira thumba la shuga lija pa shelefu, kuona ngati likadali lotukumuka.

Ndi m'miyezi imeneyo mmene ndinadziwira kuti munthu wofatsa amasunga chidani bwino kuposa wolongolola. Batani lililonse limene ndinkaboola ndinkaliyesa diso la msuweni wanga. Ndinaganizapo zopita kwa sing'anga kuti miyendo yake itupe. Ndinaganizapo zokamunenera kwa amesenjala kuti sakhoma msonkho, kuti ndimuone atamangidwa chingwe m'chiuno. Ndinkafuna avutike, komanso ndinkafuna kuti pamene akuvutikapo anthu aziseka, monga anandisekera ine pabwalo paja. Koma sindinkadziwa kumene ali, ndipo masiku ankapita. Mitengo inayamba kuphuka masamba ofiira.

Tsiku lina dalaivala wa lole ija anabweretsa malaya kuti tiike kolala. Atandizindikira anati, "Iwe si mkazake wa ujeni? Mwamuna wako wakwatira ku Vubwi. Ali pachikamwini, ndipo ali ndi njinga yatsopano, ya belu ndi kalilole. Amanyamulira mchere ndi shuga kukagulitsa kwa Apwitikizi."

Matelala anaseka. Ine ndinapitiriza kusoka, koma mutu unali utagwira china. Njinga imeneyo inali lendi ya dzinja lonse. Ndipo ngati bwalo linati pachisuweni palibe mlandu, ndiye kuti palibe mlandu kwa iye, palibenso kwa ine.

Vuto linali limodzi. Chinthu cha msuweni sutenga mobisa, ndipo sutenga nkhope ili gwa. Ukatero ndiwe mbala, akhoza kukumanga. Umatenga dzuwa likuswa mtengo, anthu akuona, iwe ukuseka ndi kumutukwana mwini wakeyo. Ine ndinali ndisanatukwanepo munthu chibadwire, ndipo msuweni wangayo ndinkamutchula kuti inu.

Ndinapempha dalaivala uja kuti anditengeko mpaka ku Chadiza. Kuchokera kumeneko ndinayenda pansi, ndikufunsa njira m'midzi. M'tchire, ndikaona kuti kulibe munthu, ndinkayeserera kuseka mokweza. Poyamba mawu ankatuluka ngati a mbuzi yodwala. Ndinkaima, n'kuyambanso, n'kumatchula mawu amene ndikanene. Mayi wina wosenza nkhuni anandipeza ndikukalipira chitsa uku ndikuseka, ndipo anapatuka n'kulowa m'thengo.

Mudziwo ndinaupeza dzuwa litakwera, uli m'tsinde mwa phiri. Mwayi unali wanga. Msuweni wanga anali padenga, akufolera nyumba ya apongozi ake, monga achitira mkamwini watsopano. Mlamu wake ankamuponyera mitolo ya udzu. Apongozi aakazi anali chapatali pafupi ndi nkhokwe akupeta, aamuna atakhala pa mpando wachikumba pamthunzi. Panalinso anansi angapo odzathandiza. Njinga inali itatsamira mtengo wa mango, ikunyezimira.

Ndinanjuta n'kuwomba m'manja.

"Ndine msuweni wa akamwini anuwa. Ndachokera ku Katete."

Anandilandira bwino. Anandipatsa mpando, ndipo mkazi wake, mtsikana wa maso aakulu, anabwera ndi chikho cha thobwa atagwada. Msuweni wanga anasuzumira pansi. Nkhope yake inasintha pang'ono, koma anaikonza msanga.

"Ha, mkazanga. Wanditsata mpaka kuno?"

Ndinameza thobwa, ndinaika chikho pansi, n'kukweza mawu.

"Ndakutsata, mwamunanga. Unandithawa utandipatsa mimba ya mapaundi atatu."

Anthu anaphulika nako kuseka. Apongozi aakazi anabisa nkhope kuseri kwa lichero. Kanali koyamba kumutchula kuti iwe, ndipo mawuwo anandikomera m'kamwa ngati uchi. Mantha anatha pomwepo.

Ndinafotokoza nkhani yonse ngati nthabwala. Ndinaimirira n'kuwasonyeza mmene ankatulukira m'nyumba ya tiyi akupukuta pakamwa, mimba ili patsogolo. Ndinawasonyeza mmene kapaso anasenzera makina anga, ine ndikutsata pambuyo ngati mwana wa nkhuku. Ndinatembenukira kwa mkazi wake.

"Mkazi mnzanga, bulangete la mizere yobiriwira lija likukufunditsani bwino? Ndi langa limenelo. Muzimuyang'anira bamboyu. Akamadya amatafuna ndi mbale yomwe."

Mtsikanayo anaseka atagwira pakamwa, koma kenako anayang'ana padenga, kuseka kuja n'kuzilala. Apongozi aamuna anafunsa osatembenuka, poti mkamwini sayang'anizana naye.

"Akamwini, zimenezi n'zoona?"

"Ndi nthabwala za pachisuweni, bambo. Mwanayu ndi wamisala kuyambira kale."

"Eya, ndi nthabwala," ndinatero ine. "Iye anaseka dzinja lonse. Lero ndabwera kuti nanenso ndisekeko."

Ndinapita pa nyumbayo, ndinachotsa makwerero n'kuwagoneka pansi bwinobwino. Kenako ndinayenda mosafulumira kupita pa mtengo wa mango. Ndinagwira njinga, n'kuliza belu. Ana anathamangira pomwepo.

"Iyi ndatenga. Ndikagulire mwana matewera."

Ndinayang'ana msuweni wanga padenga. Anali atagwira mtolo wa udzu, mitsempha ya m'khosi itatuluka, mano ali poyera ngati akuseka. Mkamwini sakweza mawu pamaso pa apongozi, ndipo munthu wokalipira msuweni wake chifukwa cha katundu amaoneka wopanda mwambo. Zonsezi ankazidziwa kuposa ine. Nkhope imene ija ndinaisunga mumtima, ndipo mpaka lero ndikafuna kudzisangalatsa ndimaikumbukira.

"Suweni," anatero ndi mawu ouma, "usaseweretse. Matayala ake ndi ofewa."

"Ndiwasamala. Iwe tsiriza denga, mvula ili pafupi."

Apongozi aamuna anagwedeza mutu akumwetulira. "Musiyeni, ndi msuweni wanu. Tsiku lina mukatenga yake."

Tsono ine kupalasa njinga sindinkadziwa. Ndinkadziwanso kuti mwambo umateteza munthu pamene pali maso a anthu, osati pakati pa tchire. Choncho potsanzika ndinapempha mwaulemu kuti mlamu wake andiperekeze, ati njira ndingasokere. Anavomera, ndipo ana nawonso anatitsata, akulimbirana kuliza belu.

Msuweni wanga anatipeza pa mtsinje, akupuma mofulumira, udzu uli m'tsitsi. Ayenera kuti anachita kudumpha. Mlamu uja anaima chapatali pang'ono kuti atipatse mpata, koma maso ali pa ife. Tinalankhula motsitsa, tonse awiri tikumwetulira.

"Wakwanitsa, anthu aseka. Bweretsa tsopano."

"Sindinayambe n'komwe kuseka."

"Ndikupatsa ndalama zako mwezi ukatha. Ndikulumbira."

"Mawu amenewo eni nyumba anawamva dzinja lonse."

"Tamvera, suweni. Popanda njingayi pamudzi pano sindine kanthu. Munda ndilibe, mbuzi ndilibe. Anandilola chifukwa cha malonda a njingayi."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake sindinatenge jekete."

Anagwira keliyala ya njinga ndi manja onse awiri. Anali wamphamvu kuposa ine, ndipo akanafuna akanandiponya m'madzi pamodzi ndi njingayo. Ndinatembenuka n'kuitana mokweza, ndikuseka monga ndinaphunzirira m'tchire muja.

"Alamu, tabwerani mudzaone. Akamwini anu akulirira njinga ngati mwana wolandidwa chimanga chootcha."

Ana anayamba kumuimba. Anayang'ana mlamu wake, anayang'ana ine, n'kuchotsa manja. Anaseka kamodzi, kuseka kosafika m'maso, nabwerera.

Mlamu uja anandiperekeza mpaka mudzi wotsatira. Kuchokera apo njingayo ndinaikankha mpaka ku Chadiza. Zopalasira zinkandimenya m'miyendo mpaka kutuluka magazi, mapewa ankawawa, anthu m'njira ankandifunsa ngati yaphulika. Ndinkayankha kuti iyayi, ili bwino, ndikungoilemekeza. Sindinayendepo ulendo wokoma ngati umenewo.

Pofika ku Katete mitambo inali itayamba kusonkhana chakummawa masana alionse. Ndinaimika njinga pakhomo pa nyumba ya tiyi n'kulowa. Maso anga anathamangira pa shelefu. Thumba lija linali pomwepo.

Eni nyumba anatuluka, anaizungulira njingayo, anatsina matayala, n'kufunsa kuti ndaitenga kuti. Ndinawauza zonse.

"Munatenga anthu akuona?"

"Mudzi wonse, ndi apongozi ake omwe."

"Mukuseka?"

"Ndikuseka."

Anandiyang'ana kwa kanthawi ngati akundiona koyamba. Kenako mapewa awo anayamba kugwedezeka.

"Kwathu nakonso chiliko chisuweni chimenechi. Koma inu sindinkakuganizirani."

Anaitana telala wachikulire uja ndi mlonda kuti akhale mboni. Anati njingayo ndi ya mtengo woposa ngongole, ndipo sangadye za mwini, choncho anandibwezera zapamwamba. Kenako anakwera pa benchi, anavundukula thumba, natsitsa makina anga. Panalibe dzimbiri. Anati ankauza mwana wawo kuti azidonthezamo mafuta, chifukwa chikole ndi katundu wa mwini. Ndinapukusa chogwirira, singano inatsika n'kukwera mosalala, ndipo ndinachita kuyang'ana kumbali kuti asaone maso anga.

Ndinawapempha chinthu chimodzi chokha. Ndinati njingayo ikakhala kuti siili pa ulendo, aziimika kutsogolo, pakhomo penipeni, osati kuseri. Anandiyang'ananso, koma sanafunse chifukwa.

Ndalama zapamwamba zija ndinagulira amayi kamwana ka nkhumba. Mvula inagwa makina ali pa bokosi langa pakhonde. Njinga ija mwana wa eni nyumba ankanyamulira mabanzi m'mawa, ndipo masana onse inkakhala pakhomo pa nyumba ya tiyi, pamene aliyense wotsika basi ankaiona.

Chimanga chitafika m'mawondo msuweni wanga anatulukira, wapansi, mtolo uli paphewa, nsapato zili m'manja. Mbiri inali itafika kale ndi a malole kuti kuchikamwini kuja anamusudzula. Ati malonda atatha anayamba kumuona bwino ulesi wake wa kumunda, ndipo nkhani ya tiyi wa ngongole inali itasanduka nyimbo ya pamtondo. Anaima kutsogolo kwa khonde. Matelala onse anasiya kupalasa.

"Mkazanga," anatero, "wanenepa."

"Ndi mtendere wa umbeta. Nanga iwe, akuchotsa chifukwa chiyani? Denga linadontha?"

Matelala anaseka, iyenso anaseka nawo, poti panalibe china choti achite. Anayandikira n'kutsitsa mawu.

"Ukugona kuti masiku ano? Ndikufuna pongogoneka mutu sabata imodzi."

"Ndapeza kachipinda kwa amayi ena kuseri kwa msika. Koma anandifunsa ngati ndili ndi msuweni, ndipo ndinawauza kuti anamwalira."

Anakhala ataima choncho, akusuntha mtolo kuchoka paphewa lina kupita pa lina. Ndinatsegula kabokosi ka ulusi, ndinatulutsa kandalama ka tiki, n'kumuika m'dzanja anthu onse akuona.

"Wayenda mtunda wautali, mwamunanga. Pita ukamwe tiyi apo. Ulipiriretu usanamwe."

Anatembenuka kuyang'ana kutsidya kwa msewu, kumene ndinaloza. Mwana wa eni nyumba anali atagwada pakhomo, akupukuta masipoko a njinga ija ndi kansanza. Ndinaika nsalu pansi pa singano n'kuyamba kupukusa, koma maso anga sanali pa nsaluyo. Ndinkafuna kuona ngati awoloke msewu.